Mabushi akumbuyo mutha kusintha nokha, koma samalani pomanga

Achimwene, mwafunsa ngati mungasinthe nokha mabushi akumbuyo a galimoto, malabala aja okhala m'mikono ya chitsulo yogwira matayala. Inde mutha kuwasintha pakhomo, bola mukhale ndi jeke, ma stand awiri olimba ochirikizira galimoto ndi masipanala oyenera. Musalowe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke yokha, ndipo njerwa musazidalire, zimaphwanyika.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi pomanga. Mabawuti muwamange pang'ono kaye, mutsitse galimoto iime pa matayala ake, kenako mumange zolimba. Mukamangitsa ili m'mwamba, labala imapotokola galimoto ikatsika. Ine ndinachita zimenezi pa Corolla yanga, ndipo ndi maenje a msewu wathu wa ku Area 25, mabushi atsopano anang'ambika mvula isanathe. Zinandipweteka kwambiri, ndalama zinapita pachabe. Mabawuti adzimbiri muwathire mafuta omasula dzimbiri a WD-40 usiku, mawa lake amasuka mosavuta. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Koma bushi ikakanirira mu mkono wa chitsulo, musaimenye ndi hamala mpaka kupinda mkonowo. Masulani mkono wonse mupite nawo kwa makaniko amene ali ndi press, makina okankhira bushi, ku Biwi ku Lilongwe alipo ambiri. Mukamaliza, kayezetseni alignment kuti matayala awongoke, apo ayi matayala akumbuyo azidyeka mbali imodzi.