Wophunzira mbiri ali ndi pogwira

Amayi, mwafunsa ngati mwana wanu amene akufuna kuphunzira mbiri ku yunivesite adzapeza ntchito ina kupatula yogwira choko. Adzaipeza, koma akhale munthu wopirira.

Tsiku lina mupite naye ku Zomba, ku National Archives, yomwe inatsegulidwa mu 1947. Kumeneko kuli mafayilo a nthawi ya atsamunda: malipoti a ma DC, mabuku a maboma olembedwamo mafumu ndi midzi yawo, nkhani za msonkho ndi thangata. Chomvetsa chisoni n'chakuti mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba komweko, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira zinapsa. Choncho wofufuza za John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915 amachita kutolera zidutswa, zina ku Kew ku London, kosungira zikalata zakale za boma la Britain, zina m'mabuku a amishoni, zina ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre. Amatha tsiku lonse akuwerenga zolemba pamanja zoti inki inazilala, n'kupeza dzina la mfumu imodzi litalembedwa mosiyanasiyana chifukwa mzungu ankalemba mmene wamvera.

Kumene ine ndikuona kuti kuli njala ya anthu otere ndi kufufuza mizu ya mabanja. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndiye agogo athu ambiri m'mabuku a boma mulibemo. Amapezeka m'mabuku a ubatizo ndi ukwati a ku Blantyre Mission, Livingstonia, Nkhoma ndi Likoma, m'mayina a asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), kapena m'makalata a amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku WENELA, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodiko. Komabe pepala lokha silikwana. Kwa ife Achewa mzere umatsata kuchikazi, pamene zikalata zimakonda dzina la bambo. Kuti udziwe tsinde la mbumba, mfunda wake ndi mudzi umene anasamukako, umakhala pamphasa ndi agogo aakazi kapena mwini mbumba, n'kufunsa mwaulemu, kenako n'kufananitsa ndi zolembedwa. Zidzukulu za Amalawi ku Zimbabwe ndi ku South Africa zikusaka kwawo, zina zili ndi dzina la mudzi lokha m'manja. Mikangano ya ufumu nayo imasowa munthu wodziwa kuyala mzere wa banja mosakondera.

Za wailesi musazipeputse. MBC ilipo kuyambira 1964, ndipo lero mawailesi a m'madera achuluka. Zimene wofufuza wapeza m'fayilo zikangokhala m'Chingerezi cha ku koleji, eni ake a mbiriyo sazimva. Akazinena pa wailesi m'Chichewa, mkulu wina ku Dedza kapena ku Ntchisi amaimba foni kukonza dzina, kuwonjezera nyimbo, kutchula manda. Pulogalamu imasanduka njira yopezera umboni watsopano.

Kulemera msanga ayi, sindingakulonjezeni. Ambiri amaphatikiza: kuphunzitsa, kufufuzira mabungwe, kulemba m'nyuzipepala, kukonza mapulogalamu. Aphunzire kujambula mawu bwino, kusunga zikalata pa kompyuta ndi kulemba Chichewa chomveka. Tchuthi chikubwerachi mumutumize kumudzi ndi foni ndi kope, akajambule agogo ake akutchula mayina a mbumba yonse, kuyambira pa tsinde.