Anzanga akuti ndayamba matama

Funso: Zikomo achemwali, ine ndili ndi zaka 34. Kuyambira kale anthu amandidziwa ngati munthu wanthabwala, wosakana kanthu, aliyense akapanikizika amaimbira ine ngakhale pakati pa usiku. Chaka chino ndatopa nazo, ndinayamba kunena kuti ayi, ndinatulukanso mu gulupu ya WhatsApp imene tinkangojedamo anthu, pano anzanga akuti ndayamba matama. Kodi ndibwerere mmene ndinalili?

Wosokonezeka

Yankho: Ayi musabwerere. Anzanuwo akusowa munthu uja ankayankha foni 2 koloko usiku osadandaula, ndiye ziwawawa ndithu poti anazolowera. Inunso muzimva kachisoni nthawi zina, musadabwe, khalidwe lakale lija ndi limene linakupezerani anzanu ndiye kulisiya kumakhala ngati mwataya m'bale. Chomwe ndingakupempheni, musangozimiririka ayi, zimenezo nzomwe zimaoneka ngati matama. Sankhani mmodzi kapena awiri amene mumawakhulupirira, mukhale nawo pansi muwauze kuti mwatopa, simukudana nawo. Nthabwala zija musazitaye, nzanu zimenezo. Ena amvetsa, ena aziti mwasintha mpaka kalekale, asiyeni, koma gulupu ija musalowemonso.