Kodi makina owotcha khansa sadzawapsereza bambo anga?

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 64 ndipo asuta chingambwe kuyambira unyamata wawo. Anamwa mankhwala a TB miyezi 6 koma chifuwa osaleka, mpaka anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Pano akuti akawawotche ndi makina. Azakhali akukana, ati munthu amapsa m'kati, komanso adzukulu sangawayandikirenso. Tipange bwanji? Wodandaula, Kasungu.

YANKHO: Mayi, mawu oti "kuwotcha" ndi amene awaopsa azakhali anu, ndipo ineyo sindiwakonda. Mulibe moto m'menemo. Chithandizochi chimatchedwa radiotherapy, ndipo ndi cheza cha X-ray, champhamvu kuposa chojambulira chifuwa chija, cholunjikitsidwa pa chotupa kuti maselo a khansa aleke kuswana. Bambo adzagona chagada, mikono atakweza kumutu, makina n'kumawazungulira osawakhudza. Sadzamva kanthu, ndipo pakamatha mphindi 15 kapena 20 adzakhala atadzuka. Chezacho sichitsalira m'thupi. Adzukulu akawakhale pamiyendo tsiku lomwelo.

Zoti achira zimatengera pamene matenda afika. Ngati khansa ikadali m'chifuwa mokha, amalandira chithandizochi Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata pafupifupi 6, kawirikawiri pamodzi ndi chemotherapy (mankhwala olimbana ndi khansa), ndipo ena amachiriratu, koma si onse. Ikafalikira kumafupa kapena kwina, cholinga chimasintha: maulendo ochepa, mwina umodzi wokha, oti aleke kutsokomola magazi, ululu uchepe, azigona tulo. Kafunseni dokotala wawo mosapita m'mbali kuti, "Mukufuna kuchiza kapena kuchepetsa ululu?" Mabanja ambiri amachita manyazi kufunsa zimenezi.

Azakhali sakunama zonse ayi. Kum'mero kwayandikana ndi mapapo, ndiye cha m'sabata yachitatu kumeza kumayamba kupweteka. Nsima imakanika. Aphikireni phala losinjira, lothira mkaka kapena dzira, lofunda chabe, ndipo tsabola ndi kachasu azipewe. Adzatopanso kwambiri, khungu pachifuwa likhoza kuda n'kumayabwa. Asapakepo mankhwala achikuda. Izi zimatha pakapita masabata angapo chithandizo chikatha. Asajombe masiku chifukwa cha kutopako, ndipo fodya asiye lero.

Chimene ndimaopa ndi ichi. Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 6 atamaliza, mapapo akhoza kutupa: chifuwa chouma, befu, thupi kutentha. Chimafanana ndi TB kapena chibayo. Mukafika nawo kuchipatala chapafupi, nenani msanga kuti analandira radiotherapy ndipo onetsani makalata awo, chifukwa kutupa kumeneku kumafuna mankhwala ena, monga prednisolone.