Azakhali, za ku São Paulo zija ndi izi

Azakhali, moni. Ndamva uthenga wanu uja, pepani ndachedwa kuyankha, tulo ta paulendo tinali tisanathe m'maso. Mwafunsa kuti masabata awiri onse aja ndinkadya chiyani ku Brazil, komanso ngati anthu ake sankandicheukira pamsewu poona khungu langa. Ndiyankhira pagulu pompano kuti amalume nawonso amve, paja anafunsa zomwezo.

Ulendo wake ndi wautali ndithu. Ndinanyamukira ku Lilongwe, kukasintha ndege ku Addis Ababa, kenaka maola ngati 12 tili m'mwamba mpaka kukatera pa bwalo la ndege la Guarulhos, pafupi ndi mzinda wa São Paulo. Nthawi ya kumeneko ili m'mbuyo ndi maola 5, n'chifukwa chake amayi akamaimba m'mawa ankandipeza ndili m'tulo.

Kukula kwa mzindawo, eee, sindikudziwa ndikufotokozereni bwanji. Mkati mwa São Paulo mokha muli anthu oposa 11 miliyoni, ndipo mukaphatikiza matauni omuzungulira amapitirira 20 miliyoni. Ndiye kuti ngati Amalawi tonse atatiunjika malo amodzi. Ndinakwera pamwamba pa nyumba ina yosanja, kuyang'ana uku nyumba, uku nyumba, osaona pothera. Sitima zina zimayenda pansi pa nthaka, zinayamba mu 1974, ndipo m'mawa anthu amathinana ngati matumba a chimanga m'lole.

Tsono za chakudya, mtima ukhale m'malo azakhali, sindinagone ndi njala. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku ndi mpunga ndi nyemba, kaya wolemera kaya wosauka. Pambali amaika nyama pang'ono, masamba odula bwino ngati repu wathuyu, ndi kaufa kokazinga kotchedwa farofa. Nditalawa kaufako ndinaima kaye, chifukwa fungo lake ndinkalidziwa. Ndinafunsa mayi wogulitsa, iwo n'kundilozera mulu wa mizu pakona. Chinangwa! Iwo amati mandioca. Mnzanga wa konko ndiye anandiuza kuti chinangwa kwawo ndi ku South America, anachibweretsa ku Africa ndi Apwitikizi. Ndinakumbukira kondowole wa agogo ku Nkhotakota, amene tinakula tikuyesa kuti ndi wathu chiyambire. Alinso ndi chakudya china cha ufa wa chimanga, amati angu, chofewa kuposa nsima koma cholimba kuposa phala.

Chilankhulo ndi Chipwitikizi, chomwe chija amalume amachidziwa pang'ono kuchokera ku Tete. Chingerezi pamsika sichikuthandiza. Koma khutu langa linkatola mawu. Nsapato amati sapato, mbatata amati batata, kalata amati carta. Ndipo mowa wawo wotcheza kuchokera ku nzimbe amautcha cachaça. Tchulani pang'onopang'ono azakhali, mumva kachasu.

Funso lanu lachiwiri lija ndi limene landikhala pamtima. Ayi, palibe anandicheukira. Anthu akuda ndi ambirimbiri, moti kangapo konse anthu ankandiimitsa kundifunsa njira, kuyesa ndine wa konko. Poyamba zinkangondisangalatsa. Koma tsiku lina tinapita ku paki yaikulu ya Ibirapuera, mmene muli nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda, Museu Afro Brasil. Mkatimo muli maunyolo enieni, zitsulo zomwe ankamanga nazo anthu m'khosi ndi m'miyendo. Ndinaima pafupi ndi chitsulo china, chadzimbiri, chobowola pawiri polowetsa akakolo. Mabowo ake anali aang'ono, azakhali. Ndinayerekeza ndi mwendo wanga, ndinaona kuti amene anavala chimenecho mwina anali wamng'ono kuposa ine.

Anthu oposa 4 miliyoni anatengedwa ku Africa kupita ku Brazil, kuposa dziko lina lililonse kutsidya kumeneko, ndipo ukapolo anauthetsa mochedwa, pa 13 May 1888. Ife kusukulu tinaphunzira za Jumbe wa ku Nkhotakota, kuti anthu ankawawolotsa nyanja kupita nawo ku Kilwa ndi Zanzibar. Za Brazil sanatiuze. Koma m'zaka za m'ma 1800 zombo zinkanyamulanso anthu pa Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique, ndipo ena mwa iwo ankachokera kumtunda kuno, Amakua, Ayao, anthu a m'chigwa cha Zambezi. Kumeneko onse ankangowatcha Moçambiques. Nditatuluka panja ndinakhala pa benchi nthawi yaitali osalankhula, ndikuyang'ana nkhope za anthu odutsa. Mayi wina wokankha mwana pa kangolo anafanana ndi inuyo, mpaka kayendedwe.

Sindikunamizani kuti zonse n'zokoma. Umphawi uliko, ndipo umawawa kuuona chifukwa uli pafupi ndi chuma. M'mwamba mukudutsa mahelikoputala a anthu olemera othawa kuchuluka kwa magalimoto, pansi pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Sé anthu agona pa makatoni. Ndinaonanso kuti ambiri ogona panjawo ndi akuda. Za foni anandichenjeza tsiku loyamba lomwe, kuti usaitulutse pamsewu, anyamata apanjinga amatsomphola n'kuthawa. Ndinamvera, ndabwera nayo.

Lamulungu ndiye ndinasangalala. Msewu waukulu wa Avenida Paulista amautseka, magalimoto sadutsa, anthu amangoyenda, ena kuimba, ena kuvina. Panali gulu la ng'oma, ndipo thupi langa linayamba lokha kugwedezeka ndisanaganize n'komwe. Mtsikana wina anandikoka dzanja kundilowetsa m'bwalo, tinavina osamvana ngakhale liwu limodzi.

Ndabweretsa paketi ya farofa ija ndi khofi. Loweruka ndikubwera, muwauze agogo asaphike ndiwo zambiri, nyemba zokha zikwana. Ndikufuna alawe kaufako ndisanawauze kuti n'chiyani, ndione ngati achizindikire.