Funsani Tiyankhe: Akuti safuna phindu, nanga bilu yabwera bwanji?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Mayi anga anagonekedwa pa chipatala china cha mpingo, pageti paja analemba zilembo zikuluzikulu kuti iwo sagwira ntchito kuti apeze phindu. Nde potuluka atipatsa bilu, ya bedi, ya mankhwala, mpaka magolovesi awerengera. Kodi uku si kutipusitsa? Akazi anga akuti ndisiye kulongolola koma ine mtima sukutsika. Wodandaula.

YANKHO: Pepani bambo, mayi achire msanga. Koma bilu payokha si umboni woti akuberani ayi. Nesi amene anachezera usiku wonse kuyang'anira dripi ya mayi anu naye ali ndi ana kunyumba, jenereta imamwa dizilo, okosijeni amachita kugula. Nkhani yagona pa ndalama yotsala chaka chikatha. Chipatala cha bizinesi eni ake amagawana imeneyo, pomwe kuno palibe wololedwa kuika m'thumba olo akhale amene anayambitsa, iyenera kubwerera ku ntchito basi, kukonza wodi, kugula makina, kulipirira odwala amene alibiretu kalikonse.

Taonani za chipatala cha Aravind ku India. Mu 1976 Dr Govindappa Venkataswamy atapuma ntchito ya boma anatsegula kachipatala ka maso ku Madurai ndi mabedi 11 okha. Amene ali nazo amalipira ndipo amagona chipinda chabwinoko, ndalama yawoyo ndi imene imalipirira opaleshoni ya ng'ala ya osauka, koma madokotala ndi omwewo mbali zonse ziwiri, palibe zoti wosauka apatsidwe ntchito ya chisawawa. Mu 1992 anatsegula mpaka fakitale yawo, Aurolab, yopanga magalasi oika m'diso poti oitanitsa kunja amadula. Nde mukuona, amalipiritsa ndithu koma mtima wachifundo ulipo.

Sindikunena kuti aliyense wolemba mawu okoma pageti ndi mngelo, ena chikwangwani chija ndi chophimba kumaso chabe. Malo oyenda bwino amakhala ndi bodi ya matrasti, anthu osankhidwa kuyang'anira chuma ndi kayendetsedwe ka bungwe, nthawi zambiri salandira salale, ndipo bwana wa chipatala amayankha kwa iwo osati iwo kumuopa iyeyo. Ngati trasti wina mchimwene wake amagulitsa mankhwala, nkhani ya tenda ikafika iye atuluke kaye panja. Mabuku awone odita wakunja chaka chilichonse. Ndipo munthu akapereka ndalama kuti ndi ya wodi ya ana, imeneyo siyogulira galimoto ya bwana, olo galimotoyo itakhala yofunikadi. Ku America mabungwe ambiri otere amadzaza fomu yotchedwa 990 imene aliyense angathe kuwerenga, mpaka malipiro a mabwana amaoneka poyera.

Nyumba zosamalira okalamba ndi chimodzimodzi, kungoti kumeneko mabuku okha sangakuuzeni zonse. Pitani osauza munthu, makamaka nthawi ya chakudya. Agogo akuwaitana ndi dzina lawo kapena nambala ya bedi? Wosamalira amagogoda asanalowe? Amene sangathe kudya yekha pali womudyetsa modekha kapena mbale imangochotsedwa ili yodzadza? Komanso funsani antchito akhalapo nthawi yaitali bwanji, malo amene anthu amangothawathawa pamakhala chifukwa, ndipo kulipira wantchito mochedwa m'dzina la chifundo ine sindigwirizana nazo olo pang'ono.

Tsono inu bwererani ku ofesi ya akaunti, osati ndi mkwiyo, mupemphe bilu yolemba chinthu chilichonse pachokha komanso lisiti la zimene mwalipira kale. Mufunse ngati ali ndi thumba lothandizira ovutika ndi m'mene munthu amalembetsera, ambiri ali nalo koma salengeza, ndipo ngati ndalama yavuta apempheni kuti muzilipira pang'onopang'ono. Akakana kukuonetsani chilichonse, lembani kalata kwa wapampando wa bodi ndipo kope lina musunge.