Za anyani, mbuna ndi mvura: yankho kwa achimwene a ku Mufakose

Achimwene, mwafunsa kuti ngati tinachokera kwa anyani, bwanji anyani adakali mbwee m'mbali mwa msewu wa ku Kariba, komanso ndani anaonapo nyama ikubereka mtundu wina. Ndaona ena akuyankhani mwachipongwe, choncho ndiloleni nane ndiikepo mlomo.

Asayansi sanena kuti nyani anabereka munthu. Amati ife ndi chimpanzi tinali ndi kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenaka mbumba inagawikana. Chimpanzi ndi msuweni, si gogo, ndipo nyani wakuba chimanga uja chibale chake n'chapatali kuposa pamenepo. Kudabwa kuti adakalipo kuli ngati kudabwa kuti ku Dedza kudakali anthu pamene agogo athu anabwera kalekale kuno ku Zimbabwe kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi.

Funso lachiwirilo ndiye lokoma. Palibe anaonapo, ndipo ngakhale Charles Darwin, amene anatulutsa buku la nkhaniyi mu 1859, sananene kuti zimatero. Tatengani chilankhulo. Ife timati munthu, anzathu Achishona amati munhu. Kwa ife mvula ndi yogwa kumwamba yokha, kwa iwo mvura ndi madzi akumwa omwe. Zilankhulo ziwirizi muzu wake ndi umodzi, koma palibe m'mawa umene mwana anadzuka n'kulephera kumvana ndi mayi ake. Anthu anapatukana, mbali iliyonse ikusintha pang'onopang'ono, mpaka zidzukulu zinayamba kufuna womasulira. Inu nomwe mukumva Chichewa cha ana athu a ku Mbare kuno, mmene chayambira kupindikira.

Kwathu kunyanja zimenezi zili poyera. M'Nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja limodzi ndi chambo, utaka ndi ncheni, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko. Yambiri mwa iyo inaphukira pa kholo limodzi m'zaka zosapitirira 2 miliyoni. Tengani mbuna, tinsomba towala tija ta m'miyala. Mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, imakakamira pa miyala yomwe inabadwira. Chothandizira china n'chakuti mayi amafungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndiye ana sakokoloka kupita kutali. Madzi a m'nyanja akatsika kapena kukwera, monga zachitikira kambirimbiri, gulu limodzi limaduka pawiri. Kuno ndere zili zomata pamwala, zimene zimakhuta ndi kuswana ndi za mano opalira bwino. Uko chakudya n'china, pakamwa pamapita kwina. Ilipo mpaka ina imene imadya mamba ndi zipsepse za zinzake, ufiti weniweni! Kuwonjezera apo, zazikazi zimasankha mwamuna poona maonekedwe ake. Magulu aja akadzakumananso, wamkazi wa kuno samuyang'ananso wamwamuna wa uko. Zikasiya kukwerana, mitundu yakhala iwiri.

Malire ake si odulidwa ndi mpeni, ayi. Mbuna zina ukaziika m'thanki imodzi zimaswanabe. Hatchi ndi bulu zinapita patsogolo pang'ono: zimabereka nyulu, koma nyuluyo nthawi zambiri siibereka, chifukwa hatchi ili ndi ma chromosome (timitolo ta m'thupi tonyamula zotengera kwa makolo) 64, bulu 62, iyo n'kutsala ndi 63 osagawika bwino.

Ngati mukufuna kusintha koona ndi maso, kumbukirani kolorokwini. Ankachiza malungo bwinobwino, koma tizilombo tochepa topirira tinkapulumuka n'kuswana mpaka tinachuluka. Mu 1993 dziko la Malawi linamusiya n'kuyamba Fansidar, nayenso anafooka, mu 2007 kunabwera LA. Apa sipanabadwe mtundu watsopano, ndivomere, koma injini yake ndi yomweyo, ndipo izi zachitika inu ndi ine tili moyo. Nanga mukaipatsa zaka miliyoni?

Za chikhulupiriro sindikulandani kanthu, nanenso Lamlungu ndimapezeka kutchalitchi, ndipo mkangano umenewo ndi wa tsiku lina. Koma mukadzapita kumudzi pa Khirisimasi, mudzapatuke ku Cape Maclear, mudzakwere bwato mpaka pa chilumba cha Thumbi, mudzaponye nyenyeswa za buledi m'madzi. Mudzayese kuwerenga mitundu ya mbuna imene idzakuunjikireni, mudzatiuze m'gulu muno kuti munalekezera pa ingati.