Kodi mwana angandiikire zikuni pa makina owazira nkhuni?

FUNSO: Ndinagula makina owazira nkhuni oyendera petulo chifukwa msana unandikaniza nkhwangwa. Kuti ntchito izifulumira, mnyamata wanga wa zaka 15 amaika zikuni, ine n'kumakoka chogwirira. Mayi ake akuti tileke. Kodi si mantha chabe amenewa? — Bambo wodandaula

YANKHO: Bambo, mayiwo akunena zoona. Lekani lero lomwe.

Makina ambiri a petulo amakankha ndi mphamvu ya matani 20 kapena kuposa. Chitsulo chowazira chimabwera pang'onopang'ono, ndipo kuchedwako ndi kumene kumapusitsa anthu: munthu amaganiza kuti achotsa dzanja nthawi ikadalipo. Ndinaonapo mnzanga ataduka zala ziwiri chomwechi. Chikuni chinapendekeka, iye n'kuchigwira kumapeto kuti achiwongole, pomwe wokoka chogwirira anali atacheukira pa mulu wa nkhuni. Injini sinasinthe n'komwe kaliridwe kake. Mpaka pano ndikakumbukira golovesi lija, mtima umandiwawa.

N'chifukwa chake makina ambiri ogulitsidwa ku Ulaya sayenda pokhapokha mutagwira zogwirira ziwiri ndi manja onse. Woika chikuni akhale yemweyo woyendetsa. Chikuni muzichigwira m'mbali, osati kumapeto, ndipo chikachita mng'alu musapisemo chala, chifukwa chitsulo chikabwerera mng'aluwo umatsekeka. Zikuni za mfundo ndi zodulidwa mopendama zimadumpha, choncho magalasi oteteza maso asamachoke kumaso.

Pali china chimene simunafunse koma chimandidetsa nkhawa kwambiri. Oilo woyendetsa chitsulocho amapanikizidwa kufika pa 200 bar kapena kuposa (bar ndi muyeso wa kupanikizika), pamene 7 bar yokha imatha kuboola khungu. Paipi ikachita kabowo, musafufuze podontha ndi dzanja, ngakhale mutavala golovesi, yendetsanipo katoni. Oilo akalowa m'chala, bala limaoneka ngati la singano ndipo poyamba silipweteka kwenikweni, koma mkatimo minofu ikufa. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, mukawauze madokotala kuti ndi oilo wa makina, chifukwa bala lotere limafuna opaleshoni pasanathe maola ochepa.

Injini musailizire m'shedi yotseka. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Chikuni chikakanirira pachitsulo, zimitsani kaye, mugwedeze chogwirira kuti mphamvu ya oilo itsike.

Mnyamatayo musamuchotse pantchito ayi. Aime patali mamita atatu kapena kuposa, ndipo azibwera kudzatola ndi kusanja nkhuni inu mutazimitsa injini.